William Koyi sanali mzungu

Ambirife kuno ku Mzuzu dzina la William Koyi timangolidziwa ngati la nyumba yogona alendo ya Sinodi ya Livingstonia. Ineyo ndinkayesa anali mzungu, eti. Ayi ndithu. Bamboyu anali Mxhosa wa ku South Africa, woyendetsa ngolo, amene sukulu anaiyamba ku Lovedale atakula kale.

Mu 1876 anadzipereka kubwera kuno kudzathandiza amishoni. Maphunziro anali nawo ochepa, koma chinenero chake chinkamveka kwa Angoni a Inkosi M'mbelwa, amene masiku amenewo ankaopedwa kwambiri. Mu 1882 anakakhazikika pakati pawo ku Njuyu.

Apa ndiye pamandigwira mtima. Mafumu anakana kuti atsegule sukulu, zaka n'kumapita. Enafe tikanalongedza kalekale. Iye anakhalabe, kumacheza ndi madoda pabwalo, kumazimitsa moto Angoni akakwiyira amishoni, osabwezera mawu ngakhale amuopseze ndi mkondo.

Chilolezo cha sukulu chinabwera mu 1886. Uthengawo unamupeza ali gone, matenda atamugwira kale. Anamwalira chaka chomwecho, ndipo manda ake ali konko ku Njuyu, m'boma la Mzimba.