A JOHNSON, MLEMBI WA DISO LIMODZI

M'caka ca 1884 mbusa wa ku Mangalande, a William Percival Johnson, anagwidwa ndi nthenda yoopsa ya maso ali ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, ndipo mdima unawaphimba kotheratu. Madotolo a kwao anapulumutsa diso limodzi lokha, nalonso linali kuona mwacimbuuzi.

A Johnson anabadwa m'caka ca 1854, naphunzira ku Oxford. Anafika mu Africa mu 1876 monga mtumiki wa bungwe la UMCA, lomwe pambuyo pace linakhazika misyoni ya Msoro m'cigawo ca Kum'mawa.

Atacira, sanafune kukhala cabe kwao. Anabwerera ku Nyanja ya Malawi, kumene anali kuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima yochedwa Charles Janson. Pofuna kuwerenga anali kuyandikiza pepala pankhope penipeni. Ndi diso lofookalo, mothandizana ndi anzao, anamasulira Baibulo m'Cinyanja ca ku Likoma, ndipo lonse linasindikizidwa mu 1912. Atakalamba analembanso mabuku awiri m'Cingelezi: Nyasa the Great Water mu 1922, ndi My African Reminiscences mu 1924.

Anamwalira mu October 1928 pa Liuli, m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, naikidwa pomwepo. Zaka 44 zonse anagwira nchito ndi diso limodzi. Mbiri yao iphunzitsa ziwiri: wodwala maso asacedwe kupita ku cipatala, ndipo wolumala asataye colembera cace.