Franz Rosenzweig, Mphunzitsi wa Akuluakulu (1886–1929)

Franz Rosenzweig anabadwa pa 25 December 1886 m'mudzi wa Kassel, ku Jeremani. Makolo ace anali Ayuda acuma, koma miyambo ya cipembedzo cao sanaisamala kweni-kweni. Ali mnyamata anayamba maphunziro a using'anga, nawaleka, natsata mbiri ya mitundu ndi nzeru za anthu. M'caka ca 1912 anatsiriza maphunziro apamwamba ku Freiburg, atalemba za Hegel, wanzeru wa dziko lomwelo.

Komatu nzeru zonsezo sizinakhutitsa mtima wace. Usiku wina wa July 1913, ku Leipzig, anatsutsana kufikira mocedwa ndi bwenzi lace Eugen Rosenstock, Myuda wobatizidwa, naona kuti munthu wophunzira akhoza kupemphera ndi mtima wonse. Pamenepo anatsimikiza kubatizidwa, koma anafuna kulowa mu Mpingo monga akuphunzira oyamba aja, pocokera m'Ciyuda. Cotero mwezi wa October analowa m'sunagoge wamng'ono ku Berlin pa Tsiku la Citetezero, tsiku la kusala cakudya ndi kulapa. Poturukamo anali atasintha maganizo. Anakhala Myuda kufikira imfa, koma Akristu anawalemekeza masiku onse, pokhulupirira kuti iwonso ali ndi nchito yao pamaso pa Mulungu.

Pa nkhondo ya 1914 anatumidwa ku maiko a Balkan. Kumeneko, m'caka ca 1918, anayamba kulemba buku lace lalikuru pa timakalata ta asilikari, namatitumiza kwao. Bukulo, Nyenyezi ya Ciombolo, linasindikizidwa mu 1921.

Nkhondo itatha, mphunzitsi wace Friedrich Meinecke anafuna kumpezera malo ophunzitsa pa yunivesite, koma iye anakana ulemuwo. M'caka ca 1920 anatsegula ku Frankfurt sukulu ya akuluakulu yochedwa Lehrhaus, ndiko kuti nyumba yophunziramo. Anaona kuti makolo akale ankayamba ndi Cilamulo nanka naco ku moyo, koma Ayuda a masiku ace anatayika patali, ndipo anayenera kuyambira pomwe anali ndi kubwerera ku Cilamulo. M'sukuluyo funso la wophunzira linalemekezedwa koposa ulaliki wa mphunzitsi. Aphunzitsi ambiri sanali arabi. Wina anali sing'anga, wina wodziwa kusanganiza mankhwala, ndipo onsewo anaphunzira pamodzi ndi ophunzira ao.

M'caka ca 1922, caka comwe anabadwa mwana wace Rafael, inamgwira nthenda yopuwalitsa thupi pang'ono-pang'ono. Manja analeka kulemba, lilime linaleka kulankhula, koma nzeru zinakhala zangwiro. Poyamba analoza zilembo pa makina olembera. Mphamvu zitamthera, mkazi wace Edith ankachula zilembo cimodzi-cimodzi, iye napereka cizindikiro pa coyenera, kufikira mau atakwana.

Momwemo, kuyambira 1925, iye ndi bwenzi lace Martin Buber anatembenuza Malembo a Cihebri m'Cijeremani. Anakumbuka kuti Malembo analembedwa kuti amveke m'makutu, nadula mizere monga mwa mpweya wa wowerenga mokweza. Anafika pa Yesaya 53, mutu wa Mtumiki wa zowawa, ndipo Rosenzweig anamwalira pa 10 December 1929, ali ndi zaka 42. Buber anatsiriza nchitoyo ku Yerusalemu mu 1961, pamene Ayuda a ku Jeremani, amene anawalembera, anali ataphedwa kapena kubalalika m'masiku a Hitler.

Mkulu wa Mpingo amene acita manyazi kukhala pa benchi la sukulu cifukwa ca imvi, ndi mphunzitsi amene aopa mafunso a ophunzira ace, akumbukire munthu uyu, amene anagwira nchito ya Mau a Mulungu m'thupi lopuwala, cilembo cimodzi-cimodzi.