Harry Kambwiri Matecheta: Myao amene anakhala mbusa wa Angoni

Masiku ano Mkhristu wa mpingo wa CCAP ku Milonde m'boma la Mulanje, ku Domasi kapena ku Ntcheu saona chachilendo mbusa wachimalawi akamabatiza ana ndi kugawa mgonero. Koma mpaka chaka cha 1911, mu Mishoni ya Blantyre, imene inabala Sinodi ya Blantyre, ntchito imeneyi inali ya Azungu okha. Mmodzi mwa amuna awiri amene anatsegula khomo anali a Harry Kambwiri Matecheta, munthu amene anadutsa m'nkhondo, m'tsankho ndi m'chisoni cha kuphedwa kwa anzake, koma osataya chikhulupiriro kapena kuusiya mpingo.

A Matecheta anali Myao, ndipo anabadwa cha m'ma 1870 m'dera la Nguludi, kufupi ndi Chiradzulu. Ali mwana, mu 1876, amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa mishoni yawo ku Blantyre. Inali nthawi ya malonda a akapolo ndi nkhondo za pakati pa mitundu. Mu 1884 Angoni a mfumu Chikuse anawoloka Shire n'kuwononga midzi ya kumapiri a Blantyre ndi madera ozungulira, ndipo anthu ambiri anathawira m'mapiri pamene ena anatengedwa ukapolo. Motero kwa Myao wa m'badwo wa a Matecheta, dzina la Mngoni linali la mdani.

Anaphunzira pa Mishoni ya Blantyre nthawi imene mtsogoleri wake anali Mbusa David Clement Scott, yemwe anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi kulemba dikishonale ya Chimang'anja. A Scott ankakhulupirira kuti mpingo wa mu Africa uyenera kutsogozedwa ndi eni dziko. A Matecheta anabatizidwa mu 1889, ndipo mu 1894 anali mmodzi mwa amuna asanu ndi awiri amene a Scott anawapatula kukhala madikoni, monga chiyambi cha ulendo wa ku ubusa. Ena mwa iwo anali a Mungo Chisuse ndi a John Gray Kufa.

Chiyeso choyamba chinali cha malo a ntchito. Mu 1893 mishoni inawatumiza ku Nthumbi, m'dziko la Angoni a Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse uja. Poyamba kunalinso amayi a Chizungu, mmodzi mwa iwo Alice Werner, yemwe pambuyo pake anakhala katswiri wa zilankhulo za mu Africa ku London. Azunguwo sanakhalitse, ndipo udindo wa sukulu ndi mapemphero unatsalira a Matecheta. Mnyamata wa ku Nguludi anayamba kuphunzitsa kuwerenga ana a anthu omwe zaka zochepa m'mbuyomo anabalalitsa midzi ya kwawo.

Mu 1896 zinthu zinafika povuta. Boma la atsamunda linatumiza asilikali kukamenyana ndi Angoni, ndipo pa 27 October chaka chimenecho Inkosi Gomani anaphedwa. Mphunzitsi wachiyao wotumidwa ndi mishoni ya Azungu anali pakati pa moto: kwa Angoni olira mfumu yawo akanaoneka ngati munthu wa adani, pomwe mishoni imene ikanamuteteza inali kutali, tsidya lina la Shire. Ngakhale zinali choncho, a Matecheta sanaisiye ntchito ya Kuungoni. Anapitiriza kuphunzitsa ndi kulalikira mpaka mpingo unazika mizu m'deralo.

Chiyeso chachiwiri chinachokera mumpingo momwe. Amishoni ena ndi Azungu a m'maesiteti sankakondwa ndi mmene a Scott ankakwezera anthu akuda. Iwo atachoka ku Blantyre mu 1898, chiyembekezo cha madikoni aja chinazirala. Ena anayamba ntchito zina kapena ulimi ndi malonda. A Matecheta anadikira zaka 17 kuchokera pamene anakhala dikoni, ndipo mu March 1911 anadzozedwa ubusa. Chaka chomwecho anadzozedwanso a Stephen Kundecha. Komabe kudzozedwako sikunathetse kusiyana: ndalama ndi zigamulo zikuluzikulu zinali m'manja mwa bungwe la amishoni momwe munalibe mbusa wakuda, ndipo malipiro a abusa a kuno anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a Azungu.

Chiyeso chachitatu chinali cha 1915. A Matecheta ankadziwana ndi Mbusa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ndipo nkhanza za thangata, msonkho ndi chipongwe chimene anthu akuda ankachitiridwa ankazidziwa bwino lomwe. Anasiyana pa njira yokha. A Chilembwe anasankha kuukira pa 23 January 1915. A Matecheta anakana njira ya zida, pokhulupirira kuti maphunziro ndi mpingo wolimba ndizo zidzakweze anthu. Pa 3 February a Chilembwe anawomberedwa m'boma la Mulanje akulowera kumalire a dziko la Mozambique. A John Gray Kufa, dikoni mnzawo wa 1894 amene anali katswiri pa ntchito ya chipatala, anaweruzidwa kuti aphedwe chifukwa chotenga nawo mbali.

Zitatero, Azungu ambiri anayamba kukayikira munthu wakuda aliyense wophunzira, ndipo ena ankafuna kuti sukulu ndi mipingo yoyendetsedwa ndi anthu akuda ziletsedwe. Boma litakhazikitsa komiti yofufuza chimene chinayambitsa kuukirako, a Matecheta ndi a Kundecha anali m'gulu la amene anakapereka umboni. Kuimirira pamaso pa akuluakulu a boma miyezi yochepa anzawo ataphedwa kunafunika mtima wolimba, pakuti mawu amodzi olakwika akanawaika m'gulu la oukira.

Zaka zambiri za ubusa wawo anazithera ku Bemvu m'boma la Ntcheu, pakati pa Angoni omwe aja. Anaona kubadwa kwa CCAP mu 1924, pamene Blantyre ndi Livingstonia zinagwirizana, ndiponso kulowa kwa Nkhoma mu 1926. Mu 1933 anasankhidwa kukhala modereta wa Presbitale ya Blantyre, woyamba mwa anthu akuda. Atakalamba analemba buku la mbiri ya chiyambi cha Mishoni ya Blantyre m'Chinyanja, lomwe linasindikizidwa mu 1951, ndipo akatswiri a mbiri ya mpingo amalidalira chifukwa analilemba ndi munthu amene anaona zinthuzo ndi maso ake.

A Matecheta anamwalira mu 1962, patatsala zaka ziwiri kuti dziko lino lilandire ufulu wodzilamulira. Chaka chomwecho Mbusa Jonathan Sangaya anakhala Mmalawi woyamba pa udindo wa mlembi wamkulu wa Sinodi ya Blantyre. Dzina la a Chilembwe limakumbukiridwa pa 15 January chaka chilichonse, ndipo nkhope yawo ili pa ndalama. La a Matecheta silimveka kawirikawiri, komabe mipingo ya CCAP ya ku Ntcheu, imene anaidzala ndi kuitumikira kwa zaka makumi angapo, ikusonkhanabe Lamulungu lililonse.