Friedrich Bessel ndi Mtunda wa Nyenyezi

Madzulo a mwezi wa Okutobala, munthu ali ku Kawale kapena ku Area 25 akayang'ana kumwamba chakumpoto, angathe kuona kanyenyezi kena kosaŵala kwenikweni. Kamaoneka pokhapokha kukakhala kulibe mwezi ndiponso magetsi atazima. Dzina lake ndi 61 Cygni. Kanyenyezi konyozeka kameneka ndiko kanatchukitsa Friedrich Bessel.

Bessel anabadwira ku Minden, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1784. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito ya zamalonda ku Bremen. Masana ankaŵerengera katundu, usiku n'kumadziphunzitsa yekha masamu ndi za nyenyezi. Luso lake linamveka, ndipo mu 1810 anaikidwa kukhala mkulu wa nyumba yoyang'anirako nyenyezi ku Königsberg.

Nthaŵi imeneyo kutalika kwa mtunda wofika ku nyenyezi kunali kusanadziŵike bwino. Akatswiri ambiri anayesa kuuyeza, koma osaphula kanthu.

Imikani chala patsogolo panu. Tsinzinani diso limodzi, kenaka linzake. Chalacho chioneka ngati chasuntha, ndipo chikakhala pafupi ndi nkhope chimasuntha kwambiri. Bessel anatsata nzeru yomweyi. Popeza dziko lapansi limazungulira dzuŵa, iye ankayang'ana nyenyeziyo dziko lili mbali ino ya dzuŵa, nadzaiyang'ananso patapita miyezi 6 dziko lili mbali inayo. Anasankha 61 Cygni chifukwa imayenda msanga pakati pa zinzake, ndipo anaganiza kuti iyenera kukhala pafupi.

Ntchitoyi inafuna kudekha kwakukulu. Kusunthako kunali kochepa ngati kukula kwa ndalama yachitsulo yoonedwa pa mtunda wa makilomita angapo. Usiku uliwonse wopanda mitambo Bessel ankayeza mobwerezabwereza, mpaka mu 1838 analengeza yankho lake: kuŵala kochokera ku 61 Cygni kumayenda zaka zoposa 10 kuti kutipeze. Kuŵala kwa dzuŵa kumangotenga mphindi 8 zokha! Zipangizo zamakono zaonetsa kuti ndi zaka 11 ndi miyezi pafupifupi 5, choncho Bessel sanaphonye patali.

Lero tikudziŵa kuti 61 Cygni ndi nyenyezi ziŵiri zozungulirana, ndipo ulendo umodzi umazitengera zaka zoposa 600. Zonse ndi zofiirira. Ndi zazing'ono kuposa dzuŵa lathu ndipo sizitentha monga ilo, n'chifukwa chake zimaoneka mwachizimezime ngakhale zili m'gulu la nyenyezi zoyandikana nafe.

Bessel anamwalira ku Königsberg pa 17 Malichi, 1846, ali ndi zaka 61.