Julius Chongo: Pakamwa Pamodzi, Mudzi Wonse

Imwe muli mu basi ya ku Matero kapena Chawama, funsani amai a imvi muli nao pafupi ngati akumbuka Poceza M'madzulo. Muzaona ayamba kuseka asanayankhe.

Pulogilamu imeneyi inali ya a Julius Chongo, amene anamwalira mu 1995. Ine sin'nawapeze, mau ao n'nawamva pa zojambula zakale cabe. Kuyambira m'ma 1960 mpaka m'ma 1970, anali kukamba nthano mu Cinyanja pa wailesi ya Zambia Broadcasting Services, ija manje tiicha ZNBC. Masiku aja mawailesi mu komboni anali ocepa, ndiye nyumba imodzi inali kudzaza maneba.

Cimene cimanidabwitsa n'cakuti mu situdiyo anali okha. Kalulu ndi iwo, Fisi ndi iwo, nkhalamba ya pamudzi, mkazi wokalipa, mnyamata wa m'tauni wodzimva, onse pakamwa pamodzi. Koma womvera sanali kusokoneza. Aliyense anali ndi kakambidwe kake: uyu athamanga ndi mau monga kondakita afuna cenji, uja akoka mau, atsokomola, azungulira nkhani kuopa kukamba zoona. Sanali kutaya nthawi kutiuza kuti Fisi ndi wadyera. Anali kumuleka akambe yekha, apemphe, adzilungamitse, mpaka dyera limveke m'khosi mwake.

Apa ndiye olemba nkhani ambiri a lelo amagwa, kuona kwanga. Munthu woipa amamulemba woipa kucoka kumutu mpaka kuphazi, wopanda njala, wopanda mantha, wopanda lendi imene imuvuta. Kwa a Chongo ngakhale kabwalala anali ndi cifukwa cake, ndipo unali kumuseka uku umuzindikira: ameneyu ni malume wanga uja!

Cina cinali mau aja oonetsa cinthu m'maso. Munthu sanali kugwa cabe, anali kugwa kuti khu! Wamantha anyang'ama, wathawa asiya fumbi. Ndipo buku lao la nthano analicha Fumbi Khoboo! Pa wailesi palibe nkhope, conco kayendedwe ndi kagwedwe ka munthu ndiye kanali nkhope yake.

Luso limeneli linafika mpaka ku mayunivesite. Ernst Wendland, wa ku America, amene anali mphunzitsi pa Lutheran Seminary muno mu Lusaka, analemba digiri yake ya udokotala pa nthano za a Chongo ku University of Wisconsin mu 1979. Mu 2004, UNZA Press inasindikiza zina mwa nthanozo, Cinyanja ndi Cizungu pamodzi. Pa pepala mau onse alipo, koma kutsokomola kwa nkhalamba ija muzafunika kudziikirako mweka powerenga.