BAMBO JAMES FREDERICK SANGALA, MWANA WA KUNO KU NAISI

Amayi anzathu pamodzi ndi mabanja anu onse, m'buku lino la chikumbutso tidagwirizana kuti tilembemo mbiri ya munthu mmodzi wa kwathu kuno amene adagona kale. Titakambirana, tidasankha Bambo James Frederick Sangala. Chifukwa chake nchakuti ambiri a ife nkhope yawo tidaiona, koma mwini nkhopeyo sitimdziwa. M'chaka cha 2012 Banki Yaikulu ya dziko lino idatulutsa ndalama zatsopano zapepala, ndipo pa K100 adaikapo chithunzi cha bambo amenewa. Ndalamayo takhala tikuimangirira pa nsonga ya chitenje, tagulira matemba ndi mchere pa msika wa Songani, tapatsa ana kuti akagule kope, osadziwa kuti munthu ali pamenepoyo mchombo wake udagwera kuno ku Naisi. Tsono tiyeni timve za iwo.

KUBADWA NDI MAPHUNZIRO

A Sangala adabadwira kuno ku Naisi cha m'ma 1900. Nthawi imeneyo kuti padali patangopita zaka zowerengeka chiyambire Angerezi kulamulira dziko lino mu 1891, ndipo likulu lawo lidali pafupi pomwepa, pa Zomba. Mishoni ya Domasi nayo idali kale, pakuti Azungu a ku Scotland adaiyamba mu 1884. Kotero mwanayo adakula akuona zinthu ziwiri: sukulu ya mishoni kumene amaphunzitsa kuti anthu onse ndi amodzi, ndi Boma la atsamunda kumene munthu wakuda amangolandira malamulo ndi kupereka msonkho popanda kufunsidwa maganizo. Pamene Abusa John Chilembwe adaukira Azungu ku Chiradzulu mu Januwale 1915, a Sangala adali mnyamata wa zaka ngati 15, ndipo adakula m'masiku amene anthu adali ndi mantha kutchula za ufulu.

Iwo adaphunzira m'sukulu za mishoni mpaka adatsiriza Sitandade 6 ku Blantyre. Ana athu asaseke pomva zimenezi. Masiku amenewo Sitandade 6 ndiye padali pamapeto, chifukwa m'dziko monse muno mudalibe sekondale ndi imodzi yomwe. Sekondale yoyamba idatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ndipo yachiwiri, ya Akatolika ya pa Zomba, mu 1942.

Atatsiriza sukulu adabwerera kwawo nakhala mphunzitsi pa Domasi m'zaka za m'ma 1920. Ntchito ya uphunzitsi idali yaulemu koma malipiro ake adali ochepa kwambiri, ndipo aphunzitsi ambiri amaisiya kuti akapeze zodyetsera mabanja awo. A Sangala nawonso adasiya choko. Adagwirako ntchito zosiyanasiyana kwa anthu a malonda, monga ukalaliki, kusunga mabuku a ndalama ndi ukapitawo. Kuyambira mu 1930 mpaka mu 1942 adali kalaliki m'maofesi a Boma ku Blantyre, ndipo pambuyo pake adakhala womasulira mawu pa Khoti Lalikulu. Atapuma ntchito ya Boma adayamba geni yawoyawo youmba ndi kuwotcha njerwa.

Ntchito zonsezi zidawaphunzitsa zambiri. Kalaliki amaona makalata amene anthu wamba saona, ndipo womasulira amamva madandaulo a anthu osauka tsiku ndi tsiku. Adaona za thangata m'minda ya Azungu, adaona amuna akuthawa msonkho kunka ku Halale ndi ku Joni, akazi ndi ana natsala okha m'midzi, adaonanso kuti sukulu nzochepa pamene ana ofuna kuphunzira ndi ambiri.

KUSONKHANITSA ANTHU

Kale anthu ophunzira adali ndi timabungwe tawo m'maboma osiyanasiyana. Loyamba lidayamba kumpoto mu 1912, ndipo Bambo Levi Mumba adali mlembi wake. Ku Blantyre kudalinso lake, ndipo a Sangala adali mmodzi wa atsogoleri ake. Koma bungwe lililonse limalemba kalata yakeyake yopita ku Boma, ndipo Boma silimavutika kuyankha anthu olankhula payekhapayekha. A Sangala adaona kuti mutu umodzi susenza denga.

Mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, ana athu ambiri ali ku usilikali kunja, a Sangala adaitanitsa misonkhano ku Blantyre nalemba makalata opita kwa anthu m'zigawo zonse, kuwapempha kuti mabungwe onse aja alumikizane likhale limodzi la dziko lonse. Mzungu wina dzina lake W. H. Timcke adawalimbikitsa pa maganizo amenewa, ndipo a Levi Mumba adagwirizana nawo.

Apa pali chinthu chimene ife chatikhudza mtima koposa. Poyamba bungwelo lidatchedwa dzina losonyeza kuti ndi la Aafirika ophunzira. A Sangala, amene adali mphunzitsi, ndiwo adaumirira kuti mawu onena za ophunzirawo achoke, chifukwa nkhani za dziko si za anthu odziwa Chingerezi okha ayi. Mlimi, mmisiri, mfumu ya m'mudzi, onse adayenera kulowamo. Kotero dzina lidasintha nkukhala Nyasaland African Congress, limene makolo athu amangoti Kongeresi. Ambiri a ife sukulu tidalekezera panjira, ndipo tikudziwa m'mene zimawawira pamene ophunzira akambirana za ife ngati kuti tilibe nzeru. Bambo amenewa sadatero.

A Sangala amauza anthu kuti amenyere ufulu wawo, koma adafotokozera akuluakulu a Boma momveka kuti sakunena nkhondo ya mfuti kapena mikondo. Nkhondo yawo idali ya misonkhano, makalata ndi kusagonja.

Msonkhano waukulu woyamba wa Kongeresi udachitika ku Blantyre mu Okutobala 1944. Koma taonani, munthu amene adathamangathamanga kuti msonkhanowo utheke sadakhalepo, chifukwa Boma lidali litawasamutsira ku Dedza. Mpando wa pulezidenti udapita kwa a Levi Mumba, ndipo a Sangala adangosankhidwa m'komiti. Sadanyanyale. A Mumba atamwalira mu Januwale 1945, mpando udapita kwa a Charles Matinga, ndipo a Sangala adapitiriza kugwira ntchito ali pambuyo. Mwa zinthu zimene Kongeresi idalimbikira kupempha zaka zimenezo, zazikulu zidali maphunziro abwino a ana akuda ndiponso kuti Aafirika alowe m'Nyumba ya Malamulo ya pa Zomba. Mu 1949 Aafirika awiri oyamba adalowadi m'nyumbayo, koma osankhidwa ndi Bwanamkubwa.

Mu 1950 a Matinga adachoka pa mpando chifukwa cha kusayenda bwino kwa ndalama za bungwe. Anthu ambiri adagwa mphwayi, monga zimakhalira paliponse pamene thumba la gulu labooka. A Sangala adathandiza kudzutsanso Kongeresi, a James Chinyama nakhala pulezidenti, iwo nakhala wachiwiri wawo.

MASIKU A CHITAGANYA

Mu 1953 Angerezi adalumikiza dziko lino ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya, ngakhale mafumu ndi anthu adakana kwamtuwagalu. Anthu amaopa kuti Azungu a ku Salisbury adzalanda malo ndi kubweretsa tsankho la kumeneko. Kongeresi idauza anthu kuti asamvere malamulo ena a Boma koma mosachita chiwawa. Inkosi Gomani ya ku Ntcheu idachotsedwa pa ufumu chifukwa cha nkhani yomweyi. M'miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala kudabuka zipolowe ku Thyolo, ndipo zidafalikira m'madera ena a chigawo cha kummwera mpaka kuno ku Domasi, kumene anthu adali otopa kale ndi malamulo a malimidwe. Anthu 11 adaphedwa. Chitaganya chidakhazikika ndithu, Kongeresi idaoneka ngati yalephera, a Chinyama adatula pansi udindo, ndipo ena adatuluka nkukayamba kugwirizana ndi Boma.

Nthawi yoipa imeneyi ndiyo imene a Sangala adalandira mpando, mu Januwale 1954. Adalandira bungwe losauka, la mamembala ochepa, ndi logawikana. Mpando umene sadaupeze pa tsiku la chikondwerero adaulandira pa tsiku la maliro. Anzawo adawapatsa dzina lakuti Pyagusi, kutanthauza munthu wopirira, wosataya mtima, ndipo dzinalo lidawayenera.

Mlandu wovuta umene adaupeza udali wa mipando iwiri ya Aafirika a dziko lino m'Nyumba ya Malamulo ya chitaganya ku Salisbury. A Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano adakakhala pa mipandoyo, poganiza kuti ndi bwino kukatsutsa chitaganya ali mkati. Ena amati kukhala m'nyumba imeneyo nkuvomereza chitaganyacho. A Sangala adalola kuti awiriwo akhalebe kumeneko, pofuna kuti bungwe lisang'ambike. Koma anyamata amene adali atangobwera kumene kuchokera ku sukulu zapamwamba zakunja sadakondwe nazo, ndipo amaona ngati mkuluyo ndi wofatsa mopitirira muyeso. Tinene zoona, a Sangala sadali munthu wodziwa kuutsa khamu pa msonkhano, ndiponso nthawi yawo ina imathera ku ntchito ya njerwa imene imadyetsa banja lawo, pakuti udindo wa Kongeresi udalibe malipiro. Mphatso yawo idali yoitana anthu, kuwakhazika pamodzi ndi kusunga moto kuti usazime.

Ndipo moto sudazimedi. M'zaka zomwezo amayi adayamba kulowa m'nkhani za dziko. Mayi Rose Chibambo, amene nkhope yawo idaikidwa pa K200, adayamba kusonkhanitsa amayi pa Zomba mu 1952, ndipo atasamukira ku Blantyre adapitiriza ntchitoyo mkati mwa Kongeresi. Khomo limene a Sangala adakana kuti litsekedwe mu 1943 ndi lomwe amayiwo adalowera.

Mu Malichi 1956 Aafirika asanu adasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya pa Zomba. Iwowa adali a Henry Masauko Chipembere, amene adagwirako ntchito ya Boma pa Domasi pompano, a Kanyama Chiume, a Chinyama, a Kwenje ndi a Chijozi. A Sangala, pulezidenti wa Kongeresi, sadali m'gulu la olowawo. M'malo mwake chaka chomwecho Boma lidawazenga mlandu pamodzi ndi mlembi wamkulu wa Kongeresi, a T. D. T. Banda, pa nkhani ya kalata imene Boma lidati ndi youtsa mitima ya anthu kuti aukire. Munthu amene kale amamasulira mawu a ena m'khoti tsopano adaima yekha ngati woimbidwa mlandu.

KUTULA PANSI UDINDO

Mu Januwale 1957 anyamata aja adawapempha kuti apereke mpando kwa wina, ndipo iwo adavomera. A T. D. T. Banda ndiwo adalowa m'malo mwawo. A Sangala sadakayambitse chipani china choti chilimbane ndi bungwe limene adalibala okha. Ichi si chinthu chapafupi kwa munthu wamkulu amene wauzidwa ndi ana kuti nthawi yake yatha.

Zimene zidatsatira ambiri tikuzidziwa. Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene ali ku London amathandiza Kongeresi ndi ndalama ndi malangizo, adafika pa Chileka pa 6 Julaye 1958, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Kongeresi pa msonkhano wa ku Nkhata Bay. Pa 3 Malichi 1959 Boma lidaletsa Kongeresi nkumanga anthu ambiri, ena naphedwa. M'malo mwake mudabadwa Malawi Congress Party chaka chomwecho. Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 dziko lino lidalandira ufulu wodzilamulira. A Sangala adauona ufuluwo ndi maso awo, koma sadakhale nduna, ndipo m'zaka zotsatirazo dzina lawo silimatchulidwa kawirikawiri pa misonkhano kapena m'sukulu. Adamwalira mu 1974. Padapita zaka 38 kuti nkhope yawo ioneke pa ndalama ya dziko limene adalivutikira.

MAWU OTSIRIZA

Amayi anzathu, ife tonse tikudziwa kuti m'gulu lililonse mumakhala anthu amene amayenda khomo ndi khomo kuitana anzawo, kusesa pa malo a msonkhano ndi kulemba makalata usiku ndi nyali ya koloboyi, koma pa tsiku lojambula chithunzi iwo kulibe. A Sangala adali munthu wotere. Adaumba njerwa, ndipo amadziwa kuti njerwa za pa maziko zimakwiririka m'nthaka pamene anthu akuyamikira denga.

Tsono pempho lathu ndi ili. Ana athu ambiri amaganiza kuti anthu otchuka amabadwira kutali, ndi kuti mwana wa ku Naisi sangapite patali. Mukapeza K100, musanaipereke kwa wogulitsa, muitaneni mwana kapena mdzukulu, mumuonetse nkhopeyo, mumuuze dzina lake, ndi kuti bambo amenewa adamwa madzi a m'mitsinje yomweyi yotsika m'phiri la Zomba, naphunzitsa ana pa Domasi pompa. Mumuuzenso kuti adakana zoti ophunzira okha ndiwo alankhulire dziko. Ife tikapanda kuwauza, palibe wina adzachokere kutali kudzawauza mbiri ya munthu wa kwathu.