Mayi Bohoreta a ku Sarajevo, amene adalemba za pakhomo

Tikamakamba mbiri ya anthu akale timakonda kutchula mafumu, ansembe ndi akuluakulu a nkhondo. Lero ndakutengerani mayi wa kutali, Myuda wa ku Ulaya, dzina lake Laura Papo, koma kwawo ankangowaitana kuti Bohoreta. Mayiwa adatchuka chifukwa cholemba zinthu zimene anzawo ankaziyesa zachabechabe, monga zophika, zovala, nyimbo za agogo ndi macheza a amayi pabwalo. Tsoka litagwera mtundu wawo, zolembazo n'zimene zidatsala.

Tiyambe ndi malo. Sarajevo ndi likulu la dziko la Bosnia, m'chigawo cha Ulaya chotchedwa Balkan, ndipo mzindawu uli pakati pa mapiri. Nanga Ayuda adafikako bwanji? M'chaka cha 1492 mafumu a ku Spain adalamula kuti Myuda aliyense alowe Chikhristu, apo ayi atuluke m'dzikomo. Apa n'kuti kutatsala zaka 6 kuti Vasco da Gama aime pa Chilumba cha Mozambique. Ayuda ambiri adathawira m'maiko olamulidwa ndi mfumu ya ku Turkey, ndipo pofika 1565 ena adali atakhazikika ku Sarajevo. Mu 1581 adamanga nyumba yawo yopemphereramo, sunagoge, imene ilipobe mpaka lero ngati nyumba yoonetsera zakale. Ankakhala pamodzi ndi Asilamu ndi Akhristu, kugula pa msika umodzi monga tichitira ife kuno kunyanja. Koma m'nyumba mwawo adasunga chinenero chimene makolo awo adachoka nacho ku Spain, chimene ambiri amachitcha Ladino, kwa zaka zoposa 400.

Mayi Bohoreta adabadwa mu 1891 m'banja losauka la a Levi, ndipo dzina lawo lobadwa nalo lidali Luna. Dzina loti Bohoreta ndi limene Ayuda a kumeneko amapatsa mwana wamkazi woyamba pakhomo. Mu 1900 bambo awo adasamutsa banja lonse kupita ku Istanbul kukafuna mwayi, poti malonda kwawo sankayenda. Kumeneko mtsikanayu adalowa sukulu ya bungwe la Alliance Israélite Universelle, kumene ankaphunzitsa m'Chifalansa, ndipo ndi komweko kumene adayamba kutchedwa Laura. Mwayi wa bambowo sudapezeke ayi. Mu 1908 adabwerera ku Sarajevo ali osauka monga adapitira, ndipo mtsikana uja adayamba kuphunzitsa ana a eni ake Chifalansa kuti pakhomo papezeke chakudya.

Chaka cha 1916 chidali chachikulu pa moyo wawo. Adakwatiwa ndi a Daniel Papo, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, paja nkhondo imeneyi idabukira mu mzinda womwewu wa Sarajevo mu 1914. Chaka chomwecho mayi wina wolemba, Jelica Bernadzikowska, adalemba mu nyuzipepala ya Bosnische Post za amayi a Chiyuda a ku Bosnia, kuwaonetsa ngati anthu otsalira. Mayi Bohoreta sadakondwe nazo. Adayankha mu nyuzipepala yomweyo, m'Chijeremani, kufotokoza mmene amayiwo alilidi. Apa mpamene adaona kuti ngati mwini nyumba salemba za m'nyumba mwake, mlendo wodutsa ndiye adzalemba, ndipo adzalemba mmene waonera ali panjira.

Choncho mu 1917 adayamba kuyenda kwa amayi achikulire ndi kope m'manja, kulemba nyimbo zakalekale zimene zidachokera ku Spain. Nyimbozi zinkangoyenda pakamwa, mayi kupatsira mwana wake wamkazi pogoneka khanda kapena posoka. Achinyamata adali atayamba sukulu za boma, kuyankhula chinenero cha dzikolo, ndipo cha makolo chinkazilala pang'onopang'ono. Mayiwa ankadziwa kuti gogo mmodzi akatsikira kuli chete, nyimbo zingapo zapita naye limodzi.

Kunyumba kwawo zinthu sizidayende bwino. Adabereka ana aamuna awiri, Leon ndi Bar-Kohba, koma posakhalitsa amuna awo adadwala matenda a maganizo nakasungidwa ku chipatala. Mayiwa adatsala okha ndi ana aang'ono, kulera, kuphunzitsa kuti apeze ya lendi ndi ya ndiwo, kenako n'kumalemba akapeza mpata. Amayi a kuno amene adalera ana okha, bambo atapita ku migodi ya ku Joni kapena ku nkhondo, akudziwa kulemera kwa mtolo umenewu.

Mwina n'chifukwa chake nkhani ya sukulu ya atsikana ankaigwira ndi manja awiri. Mu 1924 mlembi wina, Avram Romano, adalemba kankhani mu nyuzipepala ya Ayuda ya Jevrejski život, momwe mayi wina ankanena kuti sukulu imaononga atsikana. Mayi Bohoreta adayankha ndi nkhani yawo yotchedwa Madres, kutanthauza kuti amayi, kuonetsa kuti mtsikana wophunzira ndi wodziwa ntchito ya manja sasowa pogwira zinthu zikavuta. Kuyambira pamenepo adalimbikira kulemba m'chinenero cha makolo, cha kukhitchini chomwecho, kuti ngakhale mayi wosapita kusukulu amve akamuwerengera. Adalembanso masewero, ndipo lodziwika kwambiri ndi Esterka la mu 1930, lonena za mayi amene adaphunzira kudziimira payekha ndi ntchito ya manja ake. Achinyamata a gulu la Matatja ndiwo ankasewera masewerowa, momwe munkakhala nyimbo, miyambi ndi nthabwala. Anthu ankabwera kudzaseka, n'kubwerera kwawo atatola phunziro.

Ntchito yawo yaikulu adaimaliza mu 1932, buku lotchedwa La mužer sefardi de Bosna, ndiye kuti mayi wa Chiyuda wa ku Bosnia. M'bukuli adatsata moyo wa mayi kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Adalemba za chisoti chotchedwa tukado chimene mayi wokwatiwa ankavala kumutu, za zakudya za masiku a zikondwerero, za chinkhoswe ndi ukwati, za uchembere, za maliro, ndi za mmene anansi ankathandizirana. Adalembanso za pikitipikiti wa Lachisanu, poti Myuda wosunga mwambo sasonkha moto tsiku la Sabata, ndiye zonse zimayenera kupsa dzuwa lisanalowe. Bukuli silidasindikizidwe iwo ali moyo, lidangokhala m'makope olemba pamanja.

Abale anga, tsopano tafika powawa. Mu Epulo 1941 asilikali a Hitler adalowa mu Sarajevo, ndipo Bosnia adaiika m'manja mwa gulu lankhanza la Ustaša. Nthawi imeneyo mu mzindawu mudali Ayuda oposa 10,000. Sunagoge wamkulu adamuswa ndi kumufunkha. Adalandanso Pinkas, buku la kaundula wa Ayuda a mu mzindawu limene lidayamba kulembedwa cha m'ma 1720, momwe ankalemba ndalama zolowa ndi zotuluka, malamulo a mpingo ndi thandizo la amphawi. Bukuli lidasowa, ndipo zimene tikudziwa za mkati mwake n'zimene mphunzitsi wawo wa chipembedzo, Moritz Levy, adakoperamo m'buku lake la mu 1911. Taonani phindu lokopera chinthu kawiri.

Ayuda ambiri a ku Sarajevo adatengedwa ndi kuphedwa, ochuluka ku msasa wa Jasenovac. Ana awiri aja a Mayi Bohoreta adatengedwanso, ndipo sadabwerere. Mayiwo adadwala namwalira mu 1942 m'chipatala cha masisitere a Katolika ku Sarajevo komweko, ali ndi zaka 51.

Koma makope aja adapulumuka, ndipo lero akusungidwa m'nyumba yosungiramo zolembedwa zakale ya mzinda wa Sarajevo. Adapulumukanso kachiwiri pa nkhondo ya ku Bosnia. Mu 1992, chaka chomwe ife tidalandira mtendere wa ku Roma, kumeneko nkhondo idali itangoyamba, ndipo laibulale yaikulu ya mu mzindawu idatenthedwa ndi mabomba. Mu 2005 mphunzitsi wa pa yunivesite, Muhamed Nezirović, adasindikiza buku lija la mu 1932 pamodzi ndi kumasulira kwake m'chinenero cha ku Bosnia, patatha zaka 73 chilembedwere. Nayenso mwana wa mng'ono wawo, Gordana Kuić, adalemba buku la nthano lonena za banja la a Levi mu 1986, ndipo lidawerengedwa kwambiri. Lero munthu wofuna kudziwa kuti amayi a Chiyuda a ku Sarajevo ankaimba chiyani, ankaphika chiyani, ankaseka chiyani, amayambira pa makope a Mayi Bohoreta.

Kuno ku Niassa tili nayenso munthu wa mtima wotere. Bambo Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglikani ku Unangu, adafunsa akuluakulu nalemba Chiikala cha Wayao, buku limene lidasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Adamwalira mu 1924, koma mpaka lero ofuna mbiri ya Ayao amatsegula buku lawo. Nanga za ife a m'mbali mwa nyanja, makamaka za amayi athu, walemba ndani? Nkhondo ziwiri zadutsa pano, ya ufulu ndi ya zaka 16, midzi idabalalika, ena adathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania, ndipo mapepala ambiri adatayika.

Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalo limauma. Nyimbo za pamtondo zikutha chifukwa chigayo chafika. Nyimbo zakale za chiwoda ndi mganda, maina a malo ophera usipa, kaviikidwe ka chinangwa cha kondowole, kasemedwe ka bwato, zonsezi zili m'mitu ya anthu ochepa okalamba. Pempho langa ku kalabu iliyonse ndi lakuti tigule kope limodzi ndi bolopeni. Tikatha kumvera pulogalamu, awiri apite kwa agogo a m'mudzimo, akapemphe chilolezo, akalembe kapena kujambula mawu pa foni. Tilembe dzina la mudzi ndi tsiku, ndipo tikopere kawiri, kope lina likhale ku kalabu, lina ku wailesi. Tisadikire ophunzira a ku Lichinga kapena ku Maputo, poti iwo akamadzafika agogo adzakhala atapita.